Dracula pakati pa ngwazi za m'makomiki

Komiki yoyamba ya Dracula imene ndinaigwira m'manja inalibe chikuto. Ndinaipeza ku Limbe, pakhonde la sitolo pamene bambo ena ankayala mabuku akaunjika pa lona: mabuku a sukulu, timabaibulo tating'ono ndi magazini akale. Ine ndinkasaka Spider-Man. Nditafukulafukula mulu wonse osamupeza, bambowo anasolola kabuku kena pansi penipeni, masamba ake achikasu ngati fodya wouma, nati, "Tenga aka, mwana wanga. Kakhalitsa pano, anzako amakaopa." Ndinawapatsa ndalama ya minibasi, kunyumba n'kubwerera wapansi.

Usiku umenewo magetsi anazima, ndiye ndinakawerengera pa kandulo. Chingerezi changa chinali cha Sitandade 7, moti mawu ambiri ankandidutsa, koma zithunzi sizinafune womasulira. Munali mwamuna wamtali wa tindevu topyapyala pamlomo, atavala mkanjo wakuda wa kolala yoimirira. Ankatuluka usiku wokhawokha, ankauluka, zipolopolo sizinkamuchita kanthu, ndipo amuna angapo akamugwira ankawakutumula ngati fumbi la pamphasa. Zonsezi ndinali nditaziona kale kwa Batman ndi Superman. Koma uyu akatera padenga la nyumba yako sanabwere kudzakupulumutsa ayi. Wabwera kudzadya.

Panapita zaka ndisanadziwe kuti kabuku kaja kanali kamodzi ka mndandanda wa The Tomb of Dracula wa kampani ya Marvel. Kuchokera pamenepo ndawerenga nkhani zambiri za mavampaya, akufa oyamwa magazi a anthu amoyo, amene amakumana ndi ngwazi zovala mikanjo, ndipo ndafika pokhulupirira kuti palibe mdani wowayenera kuposa ameneyu. Maloboti ndi zilombo zochokera ku nyenyezi ndi alendo chabe. Vampaya ndi mbale wawo wa bere limodzi. Mphamvu ali nazo, usiku ndi wake, nkhope yake yeniyeni amaibisa masana monga iwo omwe. Akaima maso ndi maso ndi Batman kapena Captain America, funso limene makomiki ambiri amalizemba limatulukira poyera: munthu amene waposa anzake mphamvu amawaona bwanji anzakewo, ngati abale kapena ngati mbuzi za m'khola?

Ubale umenewu ndi wakale kuposa mmene ambiri amaganizira. Batman anaonekera koyamba mu Detective Comics nambala 27 m'chaka cha 1939, ndipo chaka chomwecho, mu nambala 31 ndi 32, anali atakumana kale ndi vampaya wotchedwa Monk, wovala mkanjo wofiira wophimba nkhope, amene anasokoneza mutu wa chibwenzi cha Bruce Wayne (dzina lenileni la Batman), Julie Madison. Batman anamulondola mpaka ku Hungary. Mapeto ake amadabwitsa owerenga a masiku ano: Batman anasungunula siliva, n'kupanga zipolopolo, n'kumuombera Monk ali m'tulo m'bokosi lake la maliro. Batman yemweyu amene lero timamudziwa kuti mfuti sagwira.

Kenako kunagwa chiletso. M'chaka cha 1954 ku America kunabuka mkokomo woti makomiki akuwononga ana. Dokotala wa matenda a maganizo, Fredric Wertham, anatulutsa buku lonena zimenezi, nyumba ya malamulo ya Senate inaitanitsa osindikiza kuti akayankhe mafunso, ndipo makampani, poopa kuti boma liwaikira lamulo, anadzipangira okha bungwe la Comics Code Authority. Limodzi mwa malamulo ake linaletsa mavampaya, anthu osanduka mimbulu, akufa oyendayenda ndi odya anzawo. Komiki yopanda chidindo cha bungweli pachikuto ogulitsa ambiri ankaikana. Kwa zaka 17 vampaya anagona m'manda, ngwazi zikumenyana ndi anyani olankhula ndi mbava za m'mabanki.

Malamulowo atafewetsedwa mu 1971, analola mavampaya pokhapokha ngati alembedwa motsatira mabuku akale olemekezeka, monga buku la Dracula la Bram Stoker la 1897. Marvel sinachedwe. Chaka chomwecho, mu The Amazing Spider-Man nambala 101, Roy Thomas ndi Gil Kane anabweretsa Morbius. Uyu sanalumidwe ndi aliyense ndipo sanafepo. Michael Morbius ndi katswiri wa sayansi amene anapata mphoto ya Nobel, wodwala nthenda ya magazi yosowa mankhwala, amene anadziyesa yekha mankhwala ochokera ku mileme yoyamwa magazi pamodzi ndi mphamvu ya magetsi. Anachira, koma walira mvula walira matope: anadzuka ndi khungu loyera mbuu, mphuno yophwanyika ndi ludzu losatha. Woyamba kumupha anali mnzake wapamtima amene ankamuthandiza pa kafukufukuyo. Chimene chimandikhudza n'chakuti pa nthawi imeneyo Spider-Man nayenso anali ndi manja asanu ndi limodzi, chifukwa cha mankhwala amene anamwa pofuna kuchotsa mphamvu zake. Anthu awiri amene anafuna kudzichiritsa okha, onse atasanduka zinthu zoopsa, akumenyana m'nyumba ya m'mphepete mwa nyanja. Morbius ndimamumvera chisoni, koma sindimuopa. Amalira kwambiri akamaliza kudya.

Dracula salira.

The Tomb of Dracula inayamba mu 1972 n'kutha mu 1979, makomiki 70, ndipo onsewo anajambula munthu mmodzi, Gene Colan. Colan ananena yekha kuti nkhope ya Dracula wake anaitengera kwa katswiri wa mafilimu Jack Palance. Ojambula ambiri a nthawi imeneyo ankalemba mizere yakuthwa, yooneka bwino, kenako n'kuthiramo mitundu. Colan ankajambula ndi mithunzi. Munthu amatuluka mu nkhungu theka lokha, nkhope ina imadyedwa ndi mdima, ndipo timabokosi ta zithunzi timapendekeka ngati nyumba ikugwa. Tom Palmer, amene ankadutsitsa inki pa mapensulo akewo, anali ndi luso losaupha utsi umenewu. Ndikatsegula masamba amenewo lero ndimamvabe kuzizira kwa m'misewu ya London ngakhale kunja kuli dzuwa la Okutobala.

Olemba oyamba ankasinthanasinthana, koma kuyambira nambala 7 nkhaniyo inagwera m'manja mwa Marv Wolfman, ndipo iye anachita chinthu chovuta. Anamusiya Dracula kukhala mwini nkhani popanda kumuyeretsa. Dracula wa Wolfman ndi bwana. Amalankhula mwaulemu wa kunyumba ya mfumu, amasunga mawu ake akafuna, amadziwa mbiri ya maufumu amene anawaona akudzuka ndi kugwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtsikana amene wamupulumutsa kwa achifwamba pa tsamba lino, mnzake wofanana naye amupha pa tsamba lotsatira, ndipo saonapo chosemphana, monga mwini khola saona chachilendo kuthamangitsa fisi usiku n'kupha mbuzi yomweyo m'mawa. M'kupita kwa nkhani anakwatira mkazi wotchedwa Domini, n'kubereka mwana, Janus, ndipo mwanayo ataphedwa timaona chisoni chake chenicheni. Wowerenga amayamba kumumvetsa, kenako amachita manyazi kuti wamumvetsa, chifukwa mitembo ija ikadali pomwepo.

Koma mtima wanga uli kwa amene ankamusaka. Tangowaonani. Mtsogoleri wawo ndi Quincy Harker, mwana wa Jonathan ndi Mina Harker a m'buku la Stoker, tsopano nkhalamba yoyenda pa njinga ya olumala chifukwa Dracula yemweyo anamuthyola. Mkazi wake anamutaya pa nkhondo yomweyi, ndipo mwana wake wamkazi, Edith, atasandutsidwa vampaya, bambo ake omwe ndi amene anamukhoma chisonga pamtima. Pali Rachel van Helsing, wa fuko la Abraham van Helsing, mlenje wa mavampaya wotchuka wa m'buku lomwelo, wonyamula uta ndi zipsera kumaso. Pali Taj Nital wa ku India, chimphona chosalankhula chifukwa mavampaya anamung'amba pakhosi tsiku limene anaukira mudzi wake, mwana wake wamwamuna n'kusanduka mmodzi wa iwo. Pali Frank Drake, mdzukulu wa Dracula weniweniyo, amene anamwaza chuma cha makolo n'kutsala ndi chinyumba cha ku Transylvania chokha. Palibe ndi mmodzi yemwe wouluka. Ndi anamfedwa okhaokha, gulu la anthu amene maliro anawasonkhanitsa, ndipo amagonja kawirikawiri kuposa kupambana. Pakati pa makomiki odzaza ndi milungu yonyamula nyundo ndi amuna ovala zitsulo, awa ndi amene ndinawakhulupirira kuti ndi olimba mtima, chifukwa ali ndi khosi loti n'kulumidwa.

Mu nambala 10, m'chaka cha 1973, munalowa Blade. Amene anamudziwira mu filimu ya Wesley Snipes ya 1998 sangamuzindikire msanga: tsitsi la afro, jekete yobiriwira, magalasi aakulu, ndi lamba wa mipeni yosemedwa ku mtengo wolimba, chifukwa chitsulo wamba sichipha vampaya. Anabadwira ku London. Mayi ake ali pa ululu wobereka, munthu amene anabwera ngati dokotala anali vampaya, Deacon Frost, ndipo anawayamwa magazi mpaka kufa mwana akutuluka. Chimene mwanayo anatsala nacho n'chakuti kulumidwa sikumusandutsa. Mphamvu zoposa za munthu zinadzabwera pambuyo pake, filimu itatchuka. Kwa mnyamata wa ku Blantyre amene ankaona anthu akuda m'makomiki ali ongothandizira kapena ofa msanga, kuona munthu wakuda wosapempha chilolezo kwa Harker kapena kwa wina aliyense, akumuyankha Dracula mwachipongwe pamaso, chinali chinthu chachikulu. Ndipo nkhani ya mayi womwalira pobereka m'manja mwa amene anamudalira si nthano yakutali kwa ife.

Nkhani imene ndimaibwereza kwambiri ndi ya mu Uncanny X-Men nambala 159 ya 1982, yolembedwa ndi Chris Claremont n'kujambulidwa ndi Bill Sienkiewicz. Dracula wafika ku New York ndipo wasirira Storm wa m'gulu la ngwazi la X-Men, mkazi wolamula mphepo ndi mvula, mwana wa mayi wa ku Kenya. Akufuna akhale mfumukazi yake. Storm akudwala, akuopa dzuwa, wamanga kansalu pakhosi. Woyamba kuzindikira chimene chikuchitika ndi wamng'ono pa onse, Kitty Pryde. Mtsikanayo akutenga mtanda monga anaonera m'mafilimu, n'kuuloza kwa Dracula. Mtandawo sukumuchita kanthu. Kitty ndi Myuda, mtanda si chizindikiro cha chikhulupiriro chake. Dracula akumugwira pakhosi, ndipo dzanja lake likupsa, chifukwa lakhudza kanyenyezi ka Davide kamene mtsikanayo amavala tsiku ndi tsiku. Pambuyo pake Wolverine, wa zikhadabo zachitsulo, amene sapemphera, akuyesa kupanga mtanda, osaphula kanthu. Nightcrawler, wa khungu labuluu, mchira ndi maso achikasu, amene anthu a m'tauni ina ku Germany anafuna kumupha pomuyesa chiwanda, ndi Mkatolika wa pansi pa mtima. Iye atapingasa mtanda, Dracula akubwerera m'mbuyo.

Ndinakulira m'nyumba imene pakhomo pankapachikidwa mtanda, kwinaku agogo atakwirira zawo pansi pa chiundo cha nyumba osauza abusa. Choncho tsamba limeneli linandilankhula molunjika. Claremont akunena kuti chinthucho pachokha ndi mtengo kapena chitsulo basi, mphamvu ili mwa wochigwira. Amene akuoneka ngati mdierekezi ndiye wokhulupirira weniweni, ndipo wa zikhadabo zodula chitsulo chilichonse alibe chomutchinjiriza. Ndi mdani uti wina m'makomiki amene angaulule zoterezi za ngwazi? Nkhonya ya Colossus, mnzawo wa thupi lachitsulo, imangotiuza kulemera kwa Colossus. Dracula amatiuza zimene munthu amakhulupirira akakhala yekha mumdima. Pamapeto pake Storm amadzimasula yekha, pokana kupha anzake ngakhale magazi ake akumukokera kwa mbuye watsopanoyo.

Captain America nayenso anakumana nazo. Baron Blood, amene anayamba kuoneka mu The Invaders mu 1976, ndi John Falsworth, mwana wamng'ono wa banja lolemera la ku England amene anawawidwa mtima chuma chitapita kwa mkulu wake. Anapita ku Transylvania kukasaka Dracula, anabwerako ali vampaya, n'kumenyera Germany pa nkhondo zonse ziwiri zikuluzikulu. Nkhani ya chuma cha masiye imeneyo, tikuidziwa. Mu Captain America nambala 254 ya 1981, Roger Stern ndi John Byrne anamufikitsa Captain pamalo poti palibenso njira ina, ndipo anadula mutu wa Baron Blood ndi chishango chake, chida chimene ntchito yake ndi kutchinga. Nkhope yake atatha kutero si ya munthu wopambana. Stern yemweyo mu 1983 analemba nkhani imene Doctor Strange, ngwazi ya matsenga, anawerenga mawu a matsenga otchedwa Montesi Formula n'kufafaniza mavampaya onse pa dziko. Amene anapulumuka ndi Hannibal King, wofufuza milandu woima payekha amene chisandukire vampaya anali asanayamwepo munthu wamoyo. Patapita zaka zochepa mavampaya anabwereranso, poti m'makomiki manda sakhala otseka nthawi yaitali.

Ku kampani ya DC, eni ake a Batman, nkhani imene imandisowetsa tulo ndi Batman & Dracula: Red Rain ya 1991, ya Doug Moench ndi Kelley Jones. Jones amajambula Batman wa makutu aatali ngati nyanga ndi mkanjo wodzaza tsamba lonse, moti usanawerenge liwu lililonse umayamba kale kukayika kuti chilombo ndi uti. Dracula wasamukira ku Gotham, mzinda wa Batman, ndipo wasankha bwino chakudya chake: anthu ogona m'misewu, zidakwa, amayi oyendayenda usiku. Mitembo ikupezeka yodulidwa pakhosi, koma meya akuuza Gordon, mkulu wa apolisi, kuti nkhaniyo isamveke, chifukwa ingamuwonongere ndale. Dracula sanafunike kubisala kwambiri. Mzindawo unali utasiya kale kuwawerenga anthu amenewa. Kuti amugonjetse, Batman akulandira mphamvu kuchokera kwa Tanya, vampaya wogalukira mbuye wake, akuphulitsa nyumba ya makolo ake kuti dzuwa lilowe m'phanga momwe wakokera gulu la adaniwo, ndipo Dracula akufa. Koma Bruce Wayne naye wasanduka. M'buku lotsatira, Bloodstorm, akulimbana ndi ludzulo mpaka tsiku limene akugonja n'kumwa magazi a Joker, mdani wake wamkulu, kenako akupempha Alfred, wantchito wake wokhulupirika, ndi Gordon kuti amukhome chisonga. Mwana wa mabwana amene ankatuluka usiku kukateteza osauka wafika pofanana ndi mlendo uja amene ankatuluka usiku kukawadya, ndipo mtunda wa pakati pawo unali waufupi kuyambira kale.

Pano ndiyenera kunena chinthu chimene chimandilemera. Sindingalembe za oyamwa magazi m'Chichewa ngati kuti mawu akuti anamapopa sindiwadziwa. M'chaka cha 2017 mphekesera zinayamba ku Mulanje ndi Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka mu Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu, anyamata anatseka misewu, galimoto zachilendo zinkagendedwa, azaumoyo ankaopa kulowa m'midzi, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Anthu anaphedwa. Sanali mabwana a m'nyumba za malinga. Ambiri anali alendo odutsa, osauka, ena odwala amene sanathe kufotokoza bwino kumene akuchokera. Wolemba mbiri Luise White, m'buku lake la 2000 lotchedwa Speaking with Vampires, anasonyeza kuti mphekesera zotere zinaliko kale m'nthawi ya atsamunda: banyama ku Northern Rhodesia (lero Zambia), wazimamoto ku East Africa, ndipo nthawi zambiri zinkaloza anthu ogwira ntchito za boma lachitsamunda. Munthu amene akuona kuti thukuta lake likudyedwa ndi ena amene sawaona, mawu akuti akutipopa magazi samuvuta kuwakhulupirira.

Miyezi imeneyo makomiki anga a Dracula sindinawatsegule. Ndinkaganiza za chisonga chija chimene ndinkachikondwerera ndili mwana. M'komiki wolemba amatitsimikizira kuti vampaya ndi vampayadi: taona mano, taona bokosi, pagalasi saoneka. Pamsewu wa ku Phalombe panalibe wolemba wotitsimikizira kanthu, panali mantha ndi miyala. Nditabwereranso ku makomikiwo ndinapeza kuti abwino mwa iwo ankalidziwa vuto limeneli. Blade atakumana ndi Hannibal King anafuna kumupha pompo chifukwa cha chimene iye ali, osafunsa chimene wachita, ndipo akanapha munthu wosalakwa amene pambuyo pake anakhala mnzake posaka Deacon Frost. Nightcrawler uja wonyamula mtanda, tinamuona koyamba akuthawa khamu la anthu onyamula miyuni ndi chisonga. Olemba amenewa ankaopa vampaya, komanso ankaliopa khamulo.

N'chifukwa chake nkhani zambiri zatsopano sizindigwira mtima. Mu 2010 mavampaya anaukira X-Men mwaunyinji, Jubilee n'kusanduka mmodzi wa iwo, ndipo Dracula anapatsidwa tsitsi loyera lalitali ndi zovala zankhondo zofiira. Pambuyo pake anapatsidwa dziko lakelake ku Chernobyl, ndipo mu 2024 nkhani ya Blood Hunt inadetsa thambo lonse kuti mavampaya zikwizikwi amenyane ndi Avengers. Zojambula zake n'zokongola, sindikana. Koma vampaya akachuluka ngati dzombe amasanduka chinthu chongomenya, ndipo amene akumwedwa magazi sakhalanso ndi dzina. Imodzi imene ndimaipatula ndi ya Paul Cornell ya 2009 mu Captain Britain and MI13, mmene Dracula akufuna kulanda Britain, chidani chake chakale pa Asilamu chili poyera, ndipo amene akumubaya ndi lupanga la Excalibur ndi Faiza Hussain, dokotala wachitsikana wachisilamu wovala hijabu. Pamenepo Dracula akadali bwana wakale amene amaona anthu ena ngati katundu wake, ndipo womugwetsa ndi munthu amene iye sanamuwerengere.

Kabuku ka ku Limbe kaja kanatayika pa kusamuka kwina, koma zaka zapitazo ndinapeza mndandanda wonse wosindikizidwanso, wopanda mitundu, wakuda ndi woyera basi, mmene mithunzi ya Colan imaonekera bwino koposa. Ndinawerenga pang'onopang'ono mpaka nambala 70. Dracula wabwerera ku nyumba yake ya ku Transylvania atatopa, atanyozeka, atalandanso ufumu wake movutikira. Akumupeza Quincy Harker akumudikira, yekha, wopanda Rachel, wopanda Frank, wopanda Blade. Nkhalambayo yakhala pa nkhondoyi moyo wake wonse ndipo yatsala ndi mafupa okhaokha. Ikudzikoka kuchoka pa njinga yake, m'manja muli sipoko yasiliva ya njingayo, n'kumubaya nayo pamtima. Mabomba anali atatcheredwa kale. Chinyumba chonse chikugwera onse awiri, ndipo amene atsala amoyo akumva za imfa yake kudzera m'kalata imene anawasiyira.